Su'ad, Ligineti ndi Asilamu a m'Malokesheni a Blantyre

Funso loti kodi Msilamu angawerenge ndakatulo kapena nkhani yachikondi si lakale mu Blantyre muno. Agogo amene anatsika kuchokera ku Mangochi, ku Machinga, ku Zomba ndi ku Chiradzulu kudzasoka zovala pamakhonde a Amwenye ku Limbe sankalifunsa n'komwe. Chikondi ankachidziwa, malamulo a chipembedzo chawo ankawadziwanso. Koma mabuku a nkhani zoterezi ankalembedwa m'zilembo zimene ambiri a iwo sanaziphunzire, ndipo anali ndi chifukwa chomveka chozikanira. Funsoli ladza ndi adzukulu awo, ana a sukulu ziwiri, amene m'mawa amakhala pa desiki, masana n'kukakhala pamkeka ku madarasa. Kuti timvetse chifukwa chimene shehe wina ku Bangwe angayankhire kuti haramu, pomwe mnzake ku Ndirande akuti zitengera zimene zalembedwamo, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndithu.

Chisilamu chinalowa m'dziko muno ndi amalonda ochokera kugombe la nyanja yamchere. Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Mfumu Makanjira ya Ayao inalowa Chisilamu cha m'ma 1870, ndipo mafumu ena monga Mponda ndi Jalasi anatsatira. M'njira zomwe munkadutsa nsalu, mfuti, minyanga ndi akapolo, munadutsanso cholembera. Mafumu ankasunga alembi owalembera makalata a Chiswahili m'zilembo za Chiarabu, ndipo mashehe monga Abdallah bin Haji Mkwanda ndi Thabit bin Muhammad Ngaunje anaphunzitsa anyamata ambiri amene anabalalika m'midzi kukatsegula madarasa. Mwana ankakhala pansi, thabwa lili pamwendo, mwalimu n'kumulembera ndime ya Qur'an. Akailoweza ankatsuka thabwalo kuti alemberepo ina. Kuwerenga inali ntchito yopatulika, ndipo munthu sankatsegula buku pofuna kungotayitsa nthawi.

Mzinda wa Blantyre unayamba mu 1876 ngati mishoni ya mpingo wa ku Scotland, m'dera la mfumu Kapeni. Sukulu zinali za mishoni, makina osindikizira mabuku analinso a mishoni. Mwana wolowa sukulu ankaphunzira a, e, i, o, u pamodzi ndi katekisimu, ndipo kawirikawiri ankatulukako ndi dzina lina. Makolo achisilamu anaona kuti bola mwana asadziwe Chingerezi kusiyana n'kuti ataye chipembedzo, choncho anawatsekereza ana awo. Zotsatira zake zinali zowawa. Njanji itafika mu 1908, fodya atayamba kununkhira ku Limbe, ntchito za ukalaliki zinapita kwa ana a mishoni. Asilamu anatenga ntchito zosafuna satifiketi: utelala, ukhukhi, ulonda, kugulitsa usipa ndi utaka. M'kupita kwa zaka anamanga nyumba m'mphepete mwa tauni, m'tsinde mwa phiri la Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Chilomoni, kenako ku Machinjiri, ndipo kumene afika ankayamba aimika kamzikiti, ngakhale ka zidina.

Tisaganize kuti anthuwa ankakhala opanda ndakatulo. Anali nazo zambiri, kungoti zinali za pakamwa ndi m'khutu. Pa mwezi wa kubadwa kwa Mtumiki Muhammad ankawerenga Maulidi moimba, kaswida zikulandirana mpaka usiku. Pa sikiri amuna ankaima m'mizere, mapewa akugundana, mpweya ukutuluka pamodzi m'zifuwa, dzina la Allah likubwerezedwa mpaka thukuta kamukamu. Nkhani za mwamuna ndi mkazi nazo zinali ndi bwalo lakelake. Ku ndagala anyamata a jando ankamva nyimbo zokuluwika. Ku nsondo anakanga ankalangiza atsikana mosabisa mawu. Pamtondo amayi ankadandaula za mwamuna amene anapita ku Joni kapena ku Halale n'kutchona. Koma zonsezi zinali ndi alonda ake. Nyimbo ya ku nsondo sinkaimbidwa pamsika, ndipo wosavinidwa sankaimva. Buku losindikizidwa litabwera linachotsa mlonda ameneyu, chifukwa buku silifunsa ngati woliwerenga anavinidwa.

Mkangano woyamba waukulu pakati pa Asilamu a kuno pa nkhani ya mawu okoma unali wa kuimba. Gulu la Qadiriyya linafalikira kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930. Ku Nkhotakota analilimbikitsa mayi wophunzira, Mtumwa binti Ali, amene anabwera ndi chilolezo chake kuchokera ku Zanzibar mu 1929. A Qadiriyya ankaperekeza maliro ndi mbendera ndi sikiri. Mashehe ena, amene anthu anadzawatcha Asukuti, anati zimenezi Mtumiki sanachite, maliro aziyenda mwakachetechete. Mabanja anagawikana, mizikiti inagawikana, ndipo posamukira m'tauni anthu sanausiye kumudzi mkanganowo. Mpaka lero tili ndi Muslim Association of Malawi komanso Qadria Muslim Association of Malawi, ndipo ina mwa mizu ya kusiyanaku ili pomwepo. Ndautchula mkanganowu chifukwa unasiya chizolowezi choti chilichonse chokometsa mtima chiyambe chaonetsa umboni wake. Anthu amene anafunsa umboni wa sikiri sakanalephera kudzafunsa umboni wa ndakatulo ya chibwenzi.

Nanga umboniwo ukuti chiyani? Apa ndi pamene ambiri, olalikira ndi omvera omwe, amathamanga. Amatchula kumapeto kwa Surah ya 26, Ash-Shu'ara, kumene alakatuli akudzudzulidwa kuti owatsatira ndi osochera ndipo zonena zawo sizigwirizana ndi zochita. Ndimezo zilipodi, kuyambira 224 mpaka 226. Koma ndime ya 227 ikupatula alakatuli okhulupirira ndi ochita zabwino, ndipo woisiya ndime imeneyi wadula chiganizo pakati. M'buku la Bukhari la hadisi, mawu a Mtumiki, muli chenjezo loopsa kwa munthu amene wadzaza mtima wake ndi ndakatulo mpaka china chilichonse kusowa malo. M'buku lomwelo mulinso hadisi yovomereza kuti ndakatulo zina zimanyamula nzeru. Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, anali ndi mlakatuli wake, Hassan ibn Thabit, amene ankalakatula mumzikiti mwenimweni ku Madina.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Ka'b ibn Zuhayr. Munthuyu anali atanyoza Mtumiki m'ndakatulo, ndipo moyo wake unali pachiswe. Cha m'ma 630 analowa mumzikiti wa ku Madina kudzapepesa, n'kulakatula ndakatulo yaitali pamaso pa Mtumiki ndi maswahaba, omutsatira ake. Ndakatuloyo siyamba ndi kupepesa. Monga mwa mwambo wa Aarabu, imayamba ndi kulira mkazi wotchedwa Su'ad amene wachoka, kukongola kwake ndi kusasunga kwake malonjezo. Ikatero imakamba za ngamira, ndipo kutamanda Mtumiki kumadza chakumapeto. Palibe anamuuza kuti alumphe ndime za Su'ad. Mbiri imati Mtumiki anavula chofunda chake n'kumuveka. Kwa zaka mazanamazana akatswiri a malamulo akhala akutchula nkhaniyi ngati umboni woti kukamba za chikondi m'ndakatulo si tchimo pakokha. Al-Busiri wa ku Egypt, polemba ndakatulo yake yotchuka ya Burda m'zaka za m'ma 1200, anatsata njira yomweyo: anayamba ndi misozi ya munthu wogwa m'chikondi. Burda imeneyi inkawerengedwa kugombe konse la Aswahili, komwe mashehe athu oyamba anakatunga maphunziro. Kugombe komweko Muyaka bin Haji wa ku Mombasa ankalakatula za akazi ndi za ndale zomwe, ndipo Siti binti Saad wa ku Zanzibar anakajambula nyimbo za taarab ku Bombay mu 1928.

Asilamu ambiri a m'Malawi amatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, amene anamwalira ku Egypt mu 820. Mwini wakeyo anali mlakatuli. M'buku lake la Al-Umm nkhani ya ndakatulo anaiika pamalo odabwitsa, pa mutu wa mboni: kodi mlakatuli angaloledwe kuperekera umboni pabwalo la milandu? Anagamula kuti ndakatulo iweruzidwe monga timaweruzira mawu ena alionse, potengera zimene ikunena. Koma anaika malire oonekeratu. Munthu amene amalakatula za mkazi wodziwika amene si wake, n'kumabwereza mpaka kumutchukitsa, umboni wake ukanidwe. Amene walakatula za chikondi osaloza munthu, umboni wake ulandiridwe. Chimene Imam ankateteza apa ndi mbiri ya mwana wamkazi wa eniake, yemwe mawa adutsa pamsika anthu akukodolana.

Imam al-Ghazali, amene anamwalira mu 1111, anayang'ana mbali ya womvera. M'buku la Ihya anati kufotokoza kukongola kwa wokondedwa m'ndakatulo n'kosaletsedwa, bola womvera asatenge mawuwo n'kuwaveka mkazi amene sali wololedwa kwa iye. Mnyamata amene chilakolako chamukulira, yemwe ndime iliyonse imamubweretsera nkhope ya mtsikana wapafupi, ayenera kutalikira. Ndiye kuti ndakatulo imodzimodziyo ikhoza kukhala yololedwa kwa bambo amene akuiwerengera mkazi wake ku Chilomoni, n'kukhala yosayenera kwa mwana wawo wa Fomu 2 m'chipinda chinacho. Fatwa yotere ndi yovuta kuilengeza pa chimkuzamawu, n'chifukwa chake siimveka kwambiri.

Ibn Hazm wa ku Spain ya Asilamu, katswiri wa malamulo wosanyengerera munthu, analemba cha m'ma 1022 buku lathunthu la chikondi, Tawq al-Hamama, la mitu 30: zizindikiro za chikondi, makalata, mthenga, kazitape, kunyanyala, kulekana. Iye ankaona kuti mtima ukakonda palibe mlandu, mlandu uli pa zimene munthu achite pambuyo pake, ndipo mitu yomaliza anaisungira kuipa kwa tchimo ndi ubwino wa kudzisunga. Ibn al-Jawzi wa ku Baghdad, amene anamwalira mu 1201, analemba lake lodzudzula chilakolako, Dhamm al-Hawa, koma nayenso analidzaza ndi nkhani ndi ndakatulo za okondana. Ngakhale wodzudzulayo sanathe kuchenjeza popanda kusimba.

Nkhani yopeka ili ndi mlandu wina wapadera: ena amati ndi bodza. Pali hadisi yoopseza munthu wonama pofuna kuseketsa anthu. Komatu bodza limafuna wonamizidwa. Agogo akati "Padangokhala," ana n'kuvomera "Tili tonse," palibe mwana amene amadzuka m'mawa kukafuna Kalulu kudambo kuti amufunse ngati zinachitikadi. Akatswiri achisilamu akhala akuwerenga ndi kuphunzitsa Maqamat a al-Hariri, nkhani zopeka za tambwali wina woyendayenda, kuyambira m'zaka za m'ma 1100, osaona kuti achimwa. Mfundo yolimba ya oletsa ili kwina. Surah Luqman ndime 6 ikuchenjeza za nkhani zopanda pake zosocheretsa anthu, Surah Al-Isra ndime 32 ikuletsa ngakhale kuyandikira chiwerewere, ndipo Surah An-Nur ikulamula amuna ndi akazi kusunga maso awo. Buku lovula anthu tsamba ndi tsamba likugwera pamenepa, ndipo pa lotere akatswiri satsutsana. Lophonyetsa munthu swala ya m'bandakucha nalonso lili ndi mlandu, monga zikhalira ndi mpira kapena bawo zikachita zomwezo. Komabe Qur'an yomweyo ili ndi Surah Yusuf, momwe muli mkazi wa nduna wotseka zitseko, malaya ong'ambika kumbuyo, ndi amayi odzicheka manja poona kukongola kwa mnyamata. Chilakolako chasimbidwamo momveka bwino, popanda kuvula munthu.

Zonsezi zinali m'mabuku a Chiarabu amene shehe mmodzimmodzi ankasunga m'bokosi. Kwa anthu wamba a m'malokesheni, woyamba kugamula kuti buku ili liwerengedwe, ili ayi, linali boma. Mu 1968, chaka chomwe Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko, kunakhazikitsidwa lamulo la Censorship and Control of Entertainments, ndipo bungwe loona za lamuloli linaletsa mabuku oposa 840 chisanathe chaka cha 1975. Makanema ku Apollo ndi ku Rainbow ankadulidwa anthu akangoyandikitsa milomo. Mu 1973 kunabwera lamulo loletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa maondo. Makolo, a kutchalitchi ndi a kumzikiti omwe, ankagona tulo podziwa kuti buku lonyansa silidutsa pachipata. Zoti ulamuliro womwewo wa a Kamuzu Banda unkatsekanso pakamwa olemba za ndale, mpaka mlakatuli Jack Mapanje kukalowa m'ndende ya Mikuyu mu 1987, ndi nkhani ina yowawa.

Koma chikondi chodzilemekeza chinkadutsa. Kunali timabuku ta Mills & Boon tochokera ku London, kunali ma Pacesetters a Macmillan amene anayamba kutuluka mu 1977, kunali magazini ya Moni ndi mabuku a Popular Publications ku Limbe. Kunalinso malemu Aubrey Kalitera, amene m'zaka za m'ma 1980 ankalemba, kusindikiza ndi kugulitsa okha mabuku awo mu Blantyre muno pa dzina la Power Pen Books. Limodzi analitcha To Ndirande Mountain with Love, ndipo pambuyo pake analisandutsa kanema. Phiri lomwe amayi ankatolako nkhuni linalowa m'buku lachikondi.

Amene anakula nthawi imeneyo akukumbukira mmene buku limodzi linkayendera. Linkagulidwa pakhonde ku Limbe kwa wogulitsa mabuku akale, chikuto chitathothoka kale. Mwini wake ankalikuta ndi pepala la khaki n'kulembapo kuti Geography. Wobwereka ankapatsidwa masiku owerengeka, ndipo wochedwetsa sankabwerekedwanso. Linkawerengedwa pa koloboyi ena onse atagona, m'mawa mphuno zili bii ndi mwaye. Masamba omaliza akasowa, amene anawerenga kale ankawasimbira anzake pampopi podikira kuti ndowa idzaze. Anyamata ankalibwereka ndi cholinga china, kukopera mawu oika m'kalata, imene kamwana ka pa neba kankapititsa posinthana ndi switi.

Kwa kholo lachisilamu mabukuwa anali ndi chodetsa nkhawa china. Nyumba zambiri zosindikiza mabuku a Chichewa zinali za mipingo: Montfort ku Limbe, Likuni, Nkhoma, Malamulo, CLAIM. Nkhani yachikondi yochokera m'nyumba zimenezi kawirikawiri inkathera kutchalitchi, mkwatibwi atavala zoyera. M'zimene ine ndawerenga, Msilamu akaonekamo ankakhala wosoka diresi laukwatilo kapena wogulitsa nsomba za paphwando. Choncho bambo wolanda buku m'manja mwa mwana wake sankangoopa mimba yokha. Ankaopanso chomwe agogo ake anaopa pokana sukulu ya mishoni, kuti mwana adzazolowera kuona chimwemwe chikuthera pakhomo la chipembedzo china.

Ana achisilamu analowa mumzere wobwerekanawu mochedwa, koma analowa ambiri nthawi imodzi. Cha m'ma 1981 dokotala wa ku Kuwait, Abdul Rahman al-Sumait, ndi anzake anayambira kuno ku Malawi ntchito yawo yothandiza Asilamu a mu Africa, ndipo mu 1982 kunatsegulidwa Blantyre Islamic Mission ku Chadzunda, kumene maphunziro a chipembedzo ankayendera limodzi ndi a sukulu. Achinyamata anapita kukaphunzira ku Saudi Arabia, ku Sudan ndi maiko ena, n'kubwerako ndi Chiarabu chakuthwa komanso diso lokayikira miyambo yambiri ya makolo. Kenako mu 1994 a Bakili Muluzi, Msilamu woyamba kulamulira dziko lino, anachotsa fizi kupulayimale, ndipo chiwerengero cha ana a sukulu chinadumpha kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. M'zaka zomwezo lamulo la zovala linachotsedwa, bungwe loletsa mabuku linafooka, nyuzipepala zinachuluka, nyumba zoonetsa vidiyo zinamera m'misika ya Ndirande ndi Bangwe. Boma linachoka pachipata pa nthawi imene mwana wa telala anali atangophunzira kuwerenga. Funso lija linayamba kufika kwa mashehe pamenepa.

Linafika ndakatulo za Chichewa zili pachimake. Wailesi ya MBC inali itazoloweretsa anthu kumva alakatuli, ndipo a Benedicto Wokomaatani Malunga anatchukitsa Ligineti wa m'ndakatulo yawo mpaka dzinalo kukhala la mtsikana aliyense wokondedwa. Tikaiyeza ndi muyeso wa Imam Shafi'i, ndakatulo yotere ilibe mlandu, pakuti kwa womvera Ligineti ndi Su'ad wa Chichewa, dzina lopanda nambala ya nyumba. Kusukulu nako Romeo and Juliet anakhala pa silabasi ya MSCE kwa zaka zambiri, ndipo atsikana a hijabu analemba mayeso ake n'kukhoza. Radio Islam inayamba kuulutsa mawu mu 2001, Qur'an inatanthauziridwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, magulu a amayi a dawa anachuluka m'malokesheni, moti mtsikana wa ku Machinjiri tsopano akhoza kudzifufuzira yekha zimene chipembedzo chake chikunena. Koma pakhomo yankho lachangu limakhalabe limodzi: "Taya zimenezo iwe, ndi haramu."

Makolo otere sindiwaweruza. Mayi amene waona ana a anzake akusiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba alibe nthawi yosiyanitsa al-Ghazali ndi Ibn Hazm. Kuletsa zonse n'kopepuka kusiyana n'kukhala pansi kuwerenga buku limodzi kuti udziwe zili m'katimo. Vuto ndi loti kugamula haramu kuli ndi mwini wake. Surah An-Nahl ndime 116 ikuchenjeza za kutcha chinthu halali kapena haramu popanda umboni wochokera kwa Allah. Ndipo mwana amene wauzidwa kuti ndakatulo iliyonse yachikondi ndi tchimo, tsiku limene adzamve za Ka'b ndi Su'ad adzayamba kukayikira ngakhale zoona zimene anauzidwa.

Lero buku la chikuto cha khaki lija linasowa. Nkhani zachikondi zili pafoni, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, zolembedwa m'Chichewa cha m'tauni, gawo limodzi patsiku, owerenga akukalipira mlembi akachedwa kuponya gawo lotsatira. Zina n'zoseketsa, zina n'zolembedwa mwaluso ndithu, zina n'zolaula zenizeni zosafuna shehe kuti munthu adziwe kuti n'zonyansa. Koma ndikuganiza kuti chimene chikanamukwiyitsa kwambiri Imam Shafi'i ndi mnyamata amene watenga chithunzi cha mtsikana weniweni wa ku Zingwangwa, n'kumutchula dzina, n'kulemba pansi pake ndime zotamanda thupi lake kuti gulu lonse lione. Chimene malamulo akale analetsa mosapita m'mbali ndi chimenechi, koma sindichimva kawirikawiri pa khutuba ya Lachisanu. Tikulimbana ndi mtsikana wa m'buku, kusiya mwana wa neba amene mbiri yake ikuonongeka dzuwa likuswa mtengo.

Maiko ena anadutsa kale pamene tilipa. Ku Kano, kumpoto kwa Nigeria, amayi achisilamu monga Balaraba Ramat Yakubu anayamba m'zaka za m'ma 1980 kulemba timabuku ta Chihausa ta chikondi ndi banja, togulitsidwa m'misika. Timakamba za ukwati wokakamiza, mitala, kusudzulana, mtsikana wofuna kupitiriza sukulu. Akuluakulu ena anakwiya nato, ndipo mu 2007 boma la Kano linatentha mulu wa timabukuti poyera. Amayiwo sanasiye kulemba, atsikana sanasiye kuwerenga. Ku Indonesia, Habiburrahman El Shirazy, amene anaphunzira ku Al-Azhar, anatulutsa mu 2004 nkhani yachikondi yotchedwa Ayat-Ayat Cinta, momwe okondana amasunga malire a chipembedzo, ndipo kanema wake wa 2008 anaoneredwa ndi anthu mamiliyoni. Machesi a ku Kano sanaphule kanthu. Cholembera cha ku Indonesia chinapatsa achinyamata chowerenga china.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti Asilamu ndi 13.8 peresenti ya anthu a m'dziko lino, ndipo mzinda wa Blantyre wokha uli ndi anthu oposa 800,000. Pakati pa anthu onsewa pali nkhani zimene sizinalembedwe mokwanira. Pali mnyamata wa ku Bangwe amene akugwira ntchito m'shopu ku Johannesburg, banja lake likuyendera pafoni. Pali mtsikana wa ku Ndirande amene wakonda mnyamata wa tchalitchi, ankhoswe a mbali zonse akusowa poyambira. Pali mayi amene wamva kwa anthu kuti mwamuna wake wamanga ukwati ndi mkazi wachiwiri ku Machinjiri, ndi mkazi wachiwiriyo amene nayenso ali ndi mbali yake. Amene angazilembe moona ndi ana a madarasa omwewa, odziwa kuti mahari amakambidwa bwanji ndiponso kuti idda ndi chiyani.

Inu mashehe ndi amwalimu, mwana akabwera ndi funsoli mufunseni kuti ndi buku liti, mulione, mumuyankhe potengera zimene zilimo. Ndipo amene mwamuona kuti ali ndi dzanja lolemba, mugulireni kope.